Kadukutu M'munda wa a Felesita

Mtedza wa a Felesita unafanso chaka chimenecho. Masamba achikasu, okwinyika, wonse wopinimbira. Matenda a kadukutu amenewo. Ukazula, ziro! Ndiye ku Madzimoyo, nthawi ya Chitaganya ija, mtedza sunali nkhani yamasewera. Nsinjiro zake ndizo zinkalowa m'phala la Agnesi, mwana wawo amene anali atangosiya kuyamwa, ndipo ankangoonda.

Mvula ili pafupi, kunabwera a Jairos pa njinga, mlangizi wochokera ku steshoni ya kafukufuku kufupi ndi Fort Jameson. Anapempha kangodya ka munda kuti ayeserepo kadzalidwe kena.

A Alfonsi, amuna a Felesita, anaseka. "Lero kangodya, mawa munda wonse. Za boma ili timazidziwa ife, achimwene."

"Bambo a Agnesi, msonkho mumakhoma?"

"Ndileke andimange?"

"Ndiye steshoni ija ndi yanu. Amene amafufuza matenda a mtedza kumeneko amadya msonkho wanu womwewo. Eni mafamu a fodya ali ndi owafufuzira. Nanga inu, boma likapanda kulipira, akufufuzireni ndani?"

A Felesita ankadzala monga ankachitira amayi awo: chimanga choyamba, mtedza pambuyo, motalikanatalikana kuti mbewu ikwane munda. A Jairos anati vuto ndi lomwelo. Tinsabwe tofalitsa kadukutu timakonda mtedza wochedwa, wa mipata. Adzale ndi mvula yoyamba, mothithikana.

"Shuwa? Kambewu kanga kochepaka ndikathere pamalo amodzi?" Mtima unawawawa a Felesita. Anasuzumira kumsana, Agnesi ali mtulo, timanja tili lende. "Bambo, tiyese. Munda ukapita, mudzandinene ine."

Anadzala. Anzawo podutsa ankawaseka: "Asisi, mukudzala mtedza kapena mukufesa mawere?"

Koma pofika Febuluwale, kangodya kaja kanali biriwiri, nthaka yosaoneka. Pokolola, a Alfonsi anazula phata limodzi, mtedza uli mbwee. Kenako: "Amake mwana, tabwerani muone." Agnesi anadya phala la nsinjiro mpaka masaya kubwerera.

A Jairos atabweranso anali okhumudwa. Akuluakulu a boma ankati ntchito ya mtedza ichepetsedwe, ndalama zapelewera.

"Aa, zosatheka!" anatero a Felesita. Pa msonkhano wa kopaletivu analowa ndi lichero la mtedza pamutu, ngakhale anali asanalankhulepo pagulu. "Abale, mtedza uwu si mwayi ayi. Alipo anthu anakhala pansi n'kufufuza. Msonkho tikukhoma. Auzeni a ku boma asatseke ntchitoyi."

Alimi onse anavomera, mawu anakafika ku boma, ndipo minda yoyeserera inapitirira.

Ndiye guys, phunziro ndi ili: kafukufuku wa mbewu za osauka palibe kampani ingamulipirire. Ndi ndalama za boma, kutanthauza zathu. Tizifunsa kumene zikupita, ndipo wofufuza akafika pakhomo, timulandire.