Kumbuyo kwa Baji ya a Mpulula

Phulusa, ndimu ndi kansanza. Achemwali anga a Velonika akhala pamkeka kuseri kwa nyumba, miyendo atatambasula, mutu atazolika, ndipo m'manja mwawo muli kanthu kothwanima. Ndi mwezi wa Okutobala. Phiri la Chiradzulu laima bii mu utsi wa lupsa. Fumbi lili pamasamba a mango, fumbi lili pamalata, fumbi lili pamsana pa nkhuku. Chinthu chimodzi chokha pakhomo pano chilibe fumbi: baji ya a Mpulula.

Ine ndafika mochedwa. Dzulo mayi wa kunyumba yosungirako zinthu zakale anandiuza pafoni kuti tisaitsuke, tibwere nayo mmene ilili. Ndanyamula mawuwo kuchokera ku Limbe, ndatsika nawo minibasi, ndawoloka nawo dambo, koma ndapeza baji ili mbee.

"Iwe Edina, mlendo umamuonetsa chinthu chakuda?" akutero achemwali osadzutsa mutu. "Ukufuna akatinene kuti kwa Mpulula n'kwa auve?"

Kwathu kuno mphika sugona ndi mwaye. Chimene umachilemekeza umachikwecha.

A Mpulula anali agogo a amayi athu. Pankhondo yoyamba ija ya Azungu anawagwira kumunda, khasu lili m'manja, n'kuwasenzetsa katundu kupita ku Tanganyika. Sanali msilikali, anali mtengatenga. Anasenza mabokosi a zipolopolo, anasenza mpunga umene sankaudya, anasenza mahema amene sankagonamo. Anabwera ali mafupa okhaokha, nkhata itawadya tsitsi lapaliwombo, ndi kabaji aka m'chikhatho: chiwombankhanga chotambasula mapiko, chovala chisoti chachifumu. Ankati anakatola m'matope, pamene asilikali a Ajeremani anagonapo n'kuthawa. Pachipilala cha asilikali ku Zomba tinayenda ndi chala mzere ndi mzere, dzina lawo sitinalipeze. Onse amene anawaona ndi maso anatsogola. Kwatsala baji, kwatsala achemwali.

Achimwene athu a Lekisoni amangoseka. Amati zoterezi zadzaza m'misika ya alendo, amazisungunula kuseri kwa galaja, ndipo mkuluyo mwina anangothawira ku Halale n'kubwerako ndi nthano. Ana awo ayamba kuseka nawo. Tsopano nyumba ya zinthu zakale ija ikukonza chionetsero cha amtengatenga. Ikapeza kuti baji ndi yeniyeni, iika m'galasi, dzina la a Mpulula lili pansi pake. Ikapeza kuti ndi yopeka, tibwerera nayo, ndipo dzinalo lidzatha tsiku limene achemwali adzaleke kulitchula.

Achemwali palibe anawalemba ntchito yosunga bajiyi. Amayi atamwalira, amuna anagawana njinga, wailesi ndi mbuzi, baji inangotsalira amene ankasesa m'nyumba. Denga likamadontha, ankaisuntha ndi iwo. Chiswe chikalowa m'bokosi, ankakutumula ndi iwo. Chaka chimene madzi anagwetsa khoma, anatuluka ataimanga pamfundo ya chitenje, mbale zonse atazisiya. Ndipo Khirisimasi iliyonse, phulusa ndi ndimu. Ndimaona zimenezi chifukwa nanenso ndine wa ntchito zosaoneka, zimene anthu amazizindikira tsiku lokhalo limene sizinagwiridwe.

Masana atipeza m'tauni, m'chipinda chozizira, chonunkha sopo wokolopera. Pali tebulo, pali nsalu yoyera, pali nyale ya khosi lalitali. Mayi Mwafulirwa, amene anandiimbira uja, ndi wamtali, wa ku Karonga, wolankhula pang'onopang'ono. Wavala magolovesi. Waika baji pansalu, wawerama.

Kenako akutifotokozera mofatsa. Baji zotere ankazipanga ndi mkuwa, zina n'kuzikuta ndi siliva wopyapyala ngati mpweya wapakamwa pagalasi. Zaka zikamapita siliva amada, mkuwa umada, kudako kumakhala mozama m'makwinya, mopepuka pamene pankakhudza zala. Kuda kotereku ndi mboni. Opanga zabodza amakuvutikira: amapaka polishi ya nsapato, amaviika m'mankhwala, amakwirira m'khola, kufunafuna chimene phulusa lakhala likuchotsa mpaka m'mawa uno. Kumaso kwa baji yathu kwatsala mkuwa wokhawokha, nthenga zapachifuwa zasalala see, diso la chiwombankhanga latsekeka.

"Ndiye kuti ndaipha ndine," akutero achemwali. Mawu awo ndi aang'ono kuposa masiku onse.

"Tiyeni tione kaye kumbuyo, amayi."

Waitembenuza ndi nsonga ya chala.

Kumbuyo kuli bii. Kumbuyo sikunalawe ndimu, sikunalawe phulusa, chifukwa kuli timiyendo tiwiri tachitsulo tomangirira pachipewa, ndipo timiyendoti tinkawabaya achemwali. Komanso kumbuyo sikuonedwa ndi mlendo.

Mayi Mwafulirwa wakokera nyale pafupi, watenga galasi lokulitsa zinthu. Wayang'ana nthawi yaitali, wanunkhiza, wayendetsa chala m'mphepete. Kenako wandipatsa galasilo kuti nanenso ndione. Ndaona dziko lina. Nthenga iliyonse yakumaso ili ndi mzere wake kumbuyo, yolowa m'kati, ngati phazi ndi chidindo chake m'matope. Akuti ndi mmene chimakhalira chitsulo chodindidwa ndi makina olemera. Chosungunula chimakhala chonenepa, kumbuyo kwake kophwatalala, kodzaza tizibowo ngati chigumu, m'mphepete muli msoko. Pano mulibe msoko, mulibe tizibowo. Pamene timiyendo tinalumikizidwa, mtovu wakalamba, wachita mbuu. Ndipo m'kakhwapa ka phiko, mmene chala sichingafike, mwatsalira siliva pang'ono, wotuwa, wofatsa, ngati mwezi woonekera masana.

Maso a achemwali anayamba kuchita khungu chaka chatha, galasi silikuwathandiza. Mayi Mwafulirwa wavula golovesi, wagwira chala chawo, wachiyendetsa m'mizere ija umodzi ndi umodzi.

"Amene anaitola sindingamuone m'chitsulomu," akutero. "Koma baji iyi ndi ya nthawi imeneyo, ndi ya asilikali amenewo. Tiika ndi kagalasi kumbuyo kwake, anthu aziona mbali zonse ziwiri."

"Ndi kumaso komwe ndawonongaku?"

"Kumbuyo kukunena kumene inachokera. Kumaso kukunena kuti inafikira pa anthu. Dzina lanu lonse ndani, amayi? Tilemba la wosenza, tilembenso la wosunga."

Achemwali akukonza duku lawo, limene silinapendekeke n'komwe. "Velonika," akutero. "Koma mumuuze wopukuta galasiyo kuti ndizibwera kudzaona ngati akupukuta."

Mayi Mwafulirwa waseka mpaka kugwira tebulo. Panja pa chitseko mayi wina akukolopa khonde, wagwada, msana uli kwa ife. Potuluka ndaima, ndamupatsa moni, ndamufunsa dzina. Ndi a Filesi.

Kunja kwasintha. Mitambo yasonkhana chakum'mawa, yakuda, yolemera, mphepo ikuthamangitsa mapepala mumsewu. Tikufika pasiteji madontho oyamba ayamba, tho, tho, pamalata a ogulitsa nthochi, tho, tho, pafumbi, ndipo fungo la dothi lakwera mpaka kukhosi. Amayi akuvundikira tomato, amayi akukweza ana kumsana, amayi akuthamangira kukachotsa zovala za anthu ena pachingwe. Mvula yoyamba sinyowetsa nthaka, imangoiuza kuti ikonzeke.

M'minibasi tathithikana anayi pampando wa atatu. Foni yanga ikulira, ndi achimwene a Lekisoni. Achemwali akuti ndiisiye ilire, akawauza okha, pamaso, ana awo ali pomwepo. Mazenera achita nthunzi. Mayi wa dengu la usipa amene wakhala pambali pa achemwali wawayang'ana nsapato zakutchalitchi, wawayang'ana duku latsopano.

"Zabwino zake zakuti, amayi? Ukwati?"

"Iyayi," akutero achemwali, mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Ndinakaperekeza agogo anga. A Mpulula. Simukuwadziwa? Sunthani pang'ono ndikuuzeni."