Foni M'thumba la Malaya a Agogo Ake

Ndinamuuza mdzukulu wanga kuti achotse foni m'thumba la malaya a agogo ake aamuna asanayambe kuwajambula. Ndinanena ndili pakhomo la chipinda, kansalu kopukutira mbale kali paphewa.

"Agogo, ndaiika pa sailenti. Siilira," iye anatero.

"Siilira kwa iweyo. Wailesi yanga ya kukhitchini imaimva. Foni ikakhala pafupi, wailesi imayamba didi-didi-didi, foniyo isanalire n'komwe."

"Wailesi yanu ija, ngakhale ntchentche idutse imadandaula."

Agogo ake anaseka mpaka kutsokomola. Ndimachenjeza zambiri, ndikudziwa. M'mawa womwewo ndinali nditamuuza kale kuti asaponde nthambo za magetsi, asamwe madzi ozizira ali thukuta, asathamangitse njinga yamoto pa mphambano. Zonsezo amayankha mofanana: chabwino, agogo.

Amuna anga anali ndi chotupa pakholingo. Adokotala anati achotsa kholingo lonse, moyo upulumuka koma mawu sadzabweranso. Tinali kupita kuchipatala madzulo a tsiku lomwelo. Iwo, ngati ine, sukulu sanaiponde, cholembera sachidziwa. Ndiye anaitana mdzukuluyo, amene ntchito yake ndi yojambula mavidiyo a maukwati, kuti mawu awo atsale penapake.

Mdzukuluyo anaimika kamera pa miyendo yake itatu, natseka katani mbali imodzi. Kamaikolofoni kakang'ono ngati batani anakakoleka m'mphepete mwa thumba lomwelo, nthambo yake n'kudutsa pamwamba pa foni. Anavala zomvera m'makutu.

"Tayankhulani, agogo."

"Ndiyankhule chiyani? Ndiuze kuti ndine wokongola."

"Akumveka bwinobwino," anatero akundiyang'ana ine, n'kuvula zomverazo.

Amuna anga anayamba ndi ine. Anati ndisiye kutseka mawindo masana. Kenaka ana athu mmodzimmodzi, ndi mawu awo osasa aja, akupumira pakati. Atafika pa mdzukuluyo anakweza dzanja.

"Tulukani nonse. Iwenso wa kamera. Zakozi udzazimva ndikakhala chete."

Tinatuluka, kamera ili chiyakire. Tinakhala pabenchi pakhonde. Pasanapite nthawi foni ya mdzukuluyo inalira. Anali azakhali ake, mwana wathu amene amakhala kutali, ndipo ndimawamva ngakhale foni inali kukhutu kwa mwini wake.

"Bwanji ababa sakuyankha? Ndaimba, ndaimba, chala chachita kutopa."

"Tikuwajambula, azakhali. Imbani nthawi ina."

"Iwe, ndikufuna ndimve mawu a bambo anga lero. Ndiyesanso."

Ndinamukoka malaya mdzukuluyo. "Lowa ukaichotse."

"Ati tisalowe, agogo. Mwamva nokha."

Agogo ake atatsegula chitseko, maso awo anali ofiira. Galimoto inali itafika kale panja. Mdzukuluyo anapinda miyendo ya kamera mofulumira, nanyamula chikwama cha wodwala. Sanamvetsere zimene anajambula.

Opaleshoni inayenda bwino, anatero adokotala. Amuna anga anabwerako ndi kabowo pakhosi, kophimbidwa ndi kansalu koyera. Atapezako mphamvu, mdzukuluyo anabwera ndi kompyuta yake n'kuiika patebulo. Za mawindo zinamveka. Za ana zinamveka. Kenaka tinadziona tikutuluka, chitseko n'kutsekeka, agogo ake n'kusendera pafupi ndi kamera.

"Iwe, mdzukulu wanga woyamba, pali chinthu chimene sindinakuuzepo. Tsiku limene bambo ako..."

Didi-didi-didi. Kenaka kulira kwakutali ngati mavu atsekeredwa m'chitini. Milomo inali kuyenda, dzanja likuloza, koma mawu ayi. Phokoso likati lileke, tinkamva liwu limodzi kapena awiri, "usadzaiwale", "sanafune", basi layambiranso. Azakhali ake anali ataimbadi mosalekeza.

Ndinapita kukazimitsa ketulo.

Mdzukuluyo anapita nayo vidiyoyo kwa mnzake wa situdiyo. Mnzakeyo anati phokoso la foni limalowa mu nthambo pamodzi ndi mawu, sailenti siletsa kanthu. Akanaizimitsa, kapena kuiika patali, kapena kudina kachizindikiro ka ndege kaja kotseka netiweki pafoni, bwenzi zili bwino. Anayesa kusefa, koma akachotsa phokoso, mawu nawonso amachoka. Maikolofoni ya kamera yeniyeni inali yozima chifukwa anali atalumikiza kaja ka pathumba.

Bambo a mwanayu, mwana wathu woyamba, anamwalira iye akukwawa. Zimene amuna anga ankafuna kunena sindikuzidziwa. Mdzukuluyo wandifunsa kangapo, ndipo ndamuuza zoona.

Tsiku lina anagwada pafupi ndi mpando wa agogo ake. "Agogo, munati chiyani paja? Bambo anga anatani?"

Iwo anatsegula pakamwa. Kansalu ka pakhosi kanagwedezeka, kunangotuluka mpweya. Analoza mdzukuluyo, analoza chitseko, anagwedeza mutu, anayambiranso. Iye ankatchula ichi ndi icho, iwo akukana chilichonse. Atatopa anatsitsa dzanja n'kutembenukira kuwindo.

Masiku ano akabwera kuchokera ku maukwati, amakhala patebulo lija asanavule nsapato. Amatsitsa mawu a kompyuta mpaka zii, n'kuyang'anitsitsa milomo ya agogo ake, milomo yakenso ikuyenda pang'onopang'ono kutsatira. Ikatha amabwezera kumbuyo. Tiyi amazizirira pambali pake.