Kalavani ya Zipinda Ziwiri

Nkhani ya kalavani ndinaiyambitsa ndine, ndiye palibe amene ndingamuloze chala. Zaka zisanu ndinakhala ndikuwaimbira nyimbo imodzimodzi amuna anga, a Khalfan: mwana wathu Talal wakwatira, inu mwapuma pantchito, tiyeni tigule kanyumba kokoka ndi galimoto tizikakhala ku Salalah mwezi wonse wa nkhungu, awiriwiri. Anthu a ku Ibri kuno amathawira kumeneko dzuwa likafika posungunula nsapato, koma ife tinkangopitako masiku anayi, n'kukapanikizana m'nyumba ya lendi ndi azilamu ndi ana awo osamva. Ine ndinkafuna chitseko changa, ketulo yanga, ndi mwamuna wanga popanda wina womuitana.

Iwo ankangoti, "Mulungu akalola." Mwamuna akayankha choncho, dziwani kuti Mulunguyo sanafunsidwe n'komwe.

Ndiye Lachitatu lina anangodzuka n'kunena kuti mawa tikupita ku Barka kukasankha kalavani. Ndinayenera kululutira. Koma panali patadutsa masabata atatu mng'ono wanga Shamsa atandinong'oneza kuti galimoto ya amuna anga yaoneka kawiri ku Bahla, pakhomo pa alongo ake a Badriya, mphunzitsi uja mwamuna wake anamwalira, ndipo ulendo wachiwiri anatsika ndi mbale ya haluwa, chotsekemera chija timapatsa alendo olemekezeka. Mwamuna wa imvi sanyamula haluwa kupita kwa alongo a mkazi wamasiye kukangofunsa za nyengo. Sindinawafunse kanthu. Ndinkaona ngati nkhani ikapanda kutchulidwa m'nyumba mwanga ndiye kuti sinabadwe. Ndinangodziuza kuti ndikaonera kalavani yomwe akaikonde: ikakhala ya chipinda chimodzi, Shamsa ndi wabodza.

Tinafika ku Barka cha m'ma teni, thukuta litayamba kale ntchito yake. Mwini malowo, Darwish, bambo wa mimba yotsogola ndi mafuta onunkhira omveka kutsidya la msewu, anatikhazika pamthunzi n'kutithirira khofi.

"Takulandirani, bambo a Talal! Lero ndiye mwabwera ndi boma lenileni," anatero akundiyang'ana. "Mayi asankhe makatani, ife amuna tikambe za matayala."

Amuna anga anaseka. "Wayamba molakwika, Darwish. Awa ndi mwana wa malemu Saif, wowotcherera zitsulo uja wa ku Ibri. Makatani ndiona ine. Pa chitsulo mawu awo ndi omaliza, ndipo yomwe anene kuti ndi yolimba ndi yomwe titenge."

Sanali kunama. Bambo anga anachedwa kubereka mwana wamwamuna, ndiye wowagwirira zitsulo ndinali ine, mpaka mayi anakalipa kuti mtsikana wonunkha utsi sadzakwatiwa. A Khalfan moyo wawo wonse anakhala muofesi, sadziwa kusiyanitsa dzimbiri ndi utoto. Zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi, geti, thanki, galimoto iliyonse imene tinagula, ndinkayamba ndine kugogoda.

Darwish anationetsa zambiri, koma za msinkhu wa galimoto yathu zinali ziwiri. Yoyamba inali yoyera, yochokera kunja, yogwirapo kale ntchito koma yonyezimira. Nditangolowa, mtima unakhala pansi. Bedi limodzi lalikulu kumbuyo, kakhitchini ka zenera loti uziona mapiri ukudikira madzi kuwira, timipando tiwiri. Tiwiri basi. Ndinakhala pakamodzi, n'kuwauza amuna anga kuti akhale pakenako, ndipo mawondo athu anagundana.

"Iyi ndiye yanga," ndinatero.

"Ndi yokongola," anayankha, koma maso ali pazenera, kuyang'ana inzake ija. "Kaioneni kaye pansi, mayi a Talal."

Ndinapempha katoni. Darwish anatsegula pakamwa osatseka ataona mayi wamkulu akukwinya abaya yake, mkanjo wakuda uja, n'kugona chagada pafumbi, koma ine manyazi a pansi pa galimoto ndinawasiya ndili ndi zaka khumi. Ndinadzikoka mpaka pakati.

Utoto wakuda unali watsopano, wokhuthala kuposa muyezo. Munthu sapaka utoto wotere pamalo amene anthu saonapo, pokhapokha ngati akubisa kanthu. Ndinapisa chala m'bowo la chitsulo chachikulu chonyamula nyumba yonseyo, chala chinatuluka ndi matope ouma. Kalavaniyo inamirapo m'madzi osefukira, ndipo inakhalitsamo. Ndinatenga kiyi wa kunyumba n'kukanikiza pang'ono pafupi ndi pamene masipuling'i agwirira. Kiyi analowa ngati ndikuboola mkate. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinatseka kabowoko ndi chala changa chachikulu, ngati kuti ndikakabisa kachira. Zoona, mayi wokhala ndi mdzukulu, ndinagona pamenepo ndikupempha chitsulo kuti chilimbe.

"Muli bwanji kumeneko?" anafunsa amuna anga. Ndinkangoona nsapato zawo ndi m'munsi mwa mkanjo.

"Ndione kaye inayo," ndinatero.

Inayo inali chibokosi cha mtundu wa mchenga, chopangidwa pamalo pomwepo, chopanda chilichonse chokopa maso. Khomo pakati, khitchini pakati, chipinda kumanja, chipinda kumanzere. M'chipinda chilichonse bedi la anthu awiri.

"Chinachi n'cha ndani?" ndinafunsa.

"Aa, adzukulu. Kapena alendo," anatero akukonza chipewa chomwe chinali kale bwinobwino. Mdzukulu wathu anali ndi miyezi inayi.

Ndinakokera katoni yanga pansi pake. Ndinalowa ndi mtima wa nkhondo, kufunafuna cholakwika, ngakhale kamng'alu kochepa. Ndinagogoda chitsulo chilichonse, chinalira bwino. Mitanda iwiri ya matayala, yokhuthala. Mabuleki atsopano, mawaya omangidwa mwaudongo, chokokera chomangidwa ndi mabawuti akuluakulu. Powotcherera ponse panali posalala, mizere yofanana, ntchito ya munthu wosathamanga. Bambo anga akanaiona akanafunsa dzina la mmisiriyo. Ndinakanda ndi kiyi mpaka dzanja kuwawa, osapeza kanthu.

Ndili pomwepo, m'kalavanimo munagunda mapazi, pamwamba pa nkhope yanga penipeni. Amuna awiriwo anali atalowa. Ndinamva tepi yoyezera ikusololoka.

"Gwira apa, Darwish." Mapazi anapita kumanja, anabwerera, anapita kumanzere. "Ayi. Chipinda ichi chikuposa chinzake ndi zala zitatu."

"Bambo a Talal, zala zitatu ndani angazione?"

"Mulungu aziona. Usunthe khomali. Ndipo uku kuli mazenera awiri, uko limodzi. Uboole lina. Makina oziziritsa akhale a mphamvu yofanana, matiresi ofanana, ngakhale pokoleka zovala. Sindifuna kudzaimirira pa Tsiku la Chiweruzo phewa limodzi litapendekeka."

Darwish anaseka mpaka kalavani inagwedezeka. "Ohoo! Ndiye nkhani yake ndi imeneyi! Nkhalamba iwe, ndimayesa mawondo anatha. Mulungu adalitse! Nanga boma likudziwa?"

"Tsitsa mawu, chitsiru iwe. Ndiwauza bwinobwino, nthawi yake ikakwana."

"Ali kuti kodi?"

Ndinamva phazi limodzi likusuntha pang'onopang'ono, ngati munthu wazindikira kuti waponda chinthu chamoyo.

Sindinalire. Ndinangogona, maso pa thabwa la pansi, kachidutswa ka fumbi kakundigwera pamphumi. Ndinafuna kukwiya, koma ukwiyira chiyani munthu amene akuyeza ndi tepi kuti asakulakwire? Akanakhala wankhanza bwenzi ndili ndi pogwira. Ndikanapita kwa alongo anga, ndikanaswa mbale, akazi anzanga akanabwera kudzandithandiza kutukwana. Koma a Khalfan sanandimenyepo, sanandimanepo kanthu, ndipo lamulo lili kumbali yawo. Alongo anga akanangoti, "Pirira, mlongo, bola akuchita chilungamo." Ndinasowa mtengo wogwira, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Chinatsala m'manja mwanga chinali chimodzi: mawu anga pa chitsulo. Ndikanatha kutuluka n'kunena kuti chibokosichi n'chowola, yoyera ija ndiyo yolimba. Akanakhulupirira, ndipo chifukwa analonjeza pamaso pa munthu, akanaigula. Bedi limodzi, timipando tiwiri. Ndinaliganizira bodzalo mpaka kulikonza mawu ake. Kenako ndinaona msewu wa ku Salalah, makilomita chikwi a chipululu, malole akudutsa ndi mphepo yawo, masipuling'i akuzuka pa chitsulo chofumbwa chija galimoto ili pa liwiro, ndi a Khalfan amene akaona ngamila patali amaponda buleki ndi miyendo yonse. Ndipo ngakhale tikanafika amoyo, Badriya akanasowa chifukwa choti kalavani ili ndi bedi limodzi? Akanangomupezera nyumba ya lendi ya kukula kofanana, atayeza ndi tepi yomweyo.

Ndinatuluka. Amuna anga anali ataima pakhomo, tepi ataibisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Darwish anali atapeza mwadzidzidzi chochita ndi foni yake.

"Yoyera ija inamira m'madzi," ndinatero ndikusansa fumbi. "Bambo Darwish, muope Mulungu, musaigulitse kwa munthu wa ana. Pitani mukaone bowo ndasiya pafupi ndi tayala lakumanzere."

"Mayi, ine ndinaigula choncho, ndikulumbira..."

"Nanga iyi?" anafunsa amuna anga, mawu ali pansi.

"Iyi ndi yolimba. Idzatikwirira tonsefe, iyo ikadali pamsewu."

"Ndiye titenge?"

"Munati mawu anga ndi omaliza. Ndanena za chitsulo. Zinazo simunandifunse."

Anagwirizana kuti khoma lisunthidwe, zenera liboolodwe, tidzaitenge pakatha masabata awiri. Ine ndinakadikira m'galimoto. Darwish ananditumizira zipatso za kanjedza m'kambale, sindinazikhudze.

Tinayenda mpaka kupitirira Rustaq. Ndiye amuna anga anakhosomola.

"Zuwaina." Dzina langa lenileni amalitchula pakagwa maliro basi. "Ndimafuna ndikuuzeni tili kunyumba, mwaulemu."

"Mwandiuza kale. Ndinali pansi panu."

"Ndi mayi wabwino. Wavutika zaka zinayi yekha ndi ana awiri. Si kamtsikana ayi, sindinafune kukuchititsani manyazi."

"Zikomo kwambiri. Ndilembe kalata yothokoza?"

"Musatero, mayi a Talal. Inu ndinu woyamba, malo anu palibe angawalande. Simudzachepekedwa kanthu, ndalumbira. Chimene alandire iye, inunso mulandira."

"Ine ndinali nazo zonse, bambo a Talal. Mukandipatsa theka mukuti sindinachepekedwe?"

Anagwira chiwongolero ndi manja awiri, nkhope ili yachisoni chenicheni, ndipo chimenecho ndiye chinandimaliza. Munthuyo sanali kundinyoza. Mumtima mwake anali atagwira ntchito yaikulu yondiganizira, usiku ndi usana, kuwerengera chilichonse.

"Ukwati ndi liti?" ndinafunsa.

"Mwezi wamawa. Tisananyamuke."

"Ndiye ku Salalah tikupita atatu."

"Ana ake atsala kwa amalume awo. Ndinaganiza kuti ulendo ungakuthandizeni kuzolowerana. Chipinda musankha ndinu, iye atenga chotsalacho."

"Zofanana ndi tepi, ndisankhapo chiyani?"

Nkhope yawo inawala pang'ono, ngati munthu amene wakumbukira mphatso imene anaibisa m'thumba.

"Za mpando wakutsogolowu ndaganizanso kale, musade nkhawa. Ndinayang'ana pa mapu. Pakati penipeni pa ulendo ndi pa Haima, pomwera mafuta paja. Kuchoka kunyumba mpaka pa Haima mukhala ndinu, poti ndinu wamkulu. Tikamwetsa mafuta, musinthana."

Ndinawerengera njirayo m'mutu. Kuchoka ku Ibri mpaka pa Haima ndi mchenga ndi miyala yokhayokha. Mapiri obiriwira, nkhungu, ng'ombe m'mbali mwa msewu, zonse zimene ndinaziimbira nyimbo zaka zisanu, zimayamba kutsogolo kwake.

"Ndiye polowa mu Salalah ndidzakhala kumbuyo," ndinatero.

Ndinaona kuti zimenezo sanaziganizire, ndipo ayamba kale kuwerengera mwatsopano.

"Pobwerera mudzayamba ndinu," anatero.