Sensa ya Galimoto ya Alamu

Hazel anaphunzira umakanika zaka zitatu ku Chipata, koma atabwerera kwawo ku Kambombo anthu ankangomudziwa ngati mng'ono wa Irene, mkazi wa aphunzitsi a Oscar.

Galimoto ya a Oscar inali itayamba kumwa mafuta modabwitsa, ndipo kanyale kachikasu sikankazima kutsogolo kwa chiwongolero. Hazel anaimvetsera ikulira, nagona pansi kusuzumira. Anati vuto ndi sensa ya pa mpope wa utsi, kachipangizo kothandiza injini kudziwa mafuta oyenera kuwotcha.

"Alamu, musaigwire," anatero akupukuta manja. "Imafuna soketi yakeyake yomasulira, ya 22, yong'ambika m'mbali kuti waya adutsemo. Ndili nayo. Ndathirapo mafuta ofewetsa dzimbiri, mawa m'mawa ndibwera ndi zida."

"Manje kabawuti kamodzi mpaka mawa?" anaseka a Oscar.

"Kadya dzimbiri. Mukakakamiza kathyoka."

Mawa lakelo Irene, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ankayenera kukapimidwa ku chipatala ku Chama. Hazel analawirira, bokosi la zida atalimanga pa njinga. Ali pa msewu anamva kugogoda kwa chitsulo kuchokera kwa a Oscar, napalasa mofulumira.

Anapeza miyendo ya a Jack, okonza ngolo za ng'ombe, itatulukira kunsi kwa galimoto. Pambali panali sipanala ya bobojani, hamala ndi tchizulo. A Oscar anaimirira chapatali, kachidutswa ka sensa kali m'manja, waya akulendewera.

"Mwachita chiyani?" anafunsa Hazel.

"Tinangoti tikupeputsire ntchito," anatero a Oscar osamuyang'ana. "A Jack ndi akalekale pa zitsulo."

"Ngolo ili ndi sensa? Ndiuzeni alamu, ng'ombe zili ndi waya?"

A Jack anatuluka akudzikung'untha fumbi. "Iwe mwana, ine ndinayamba kugwira hamala usanabadwe."

"Ndiye n'chifukwa chake zonse mumaziona ngati zomenya, bambo. Theka lina latsalira mkati. Mulitulutsa ndi chiyani?"

Irene anali atakhala pakhonde, chikwama pamiyendo, atavala kale nsapato zake za ulendo. Hazel atamuona, anatembenukira kwa a Oscar.

"Dzulo ndinakuuzani bwinobwino. Akanakuuzani mwamuna wa ovolosi yakuda mukanamvera. Koma poti ndi ine, mwakatenga munthu wa tchizulo! Sensa ija mwina ikanangofuna kutsukidwa. Manje yatsopano muipeza kuti? Ku Chama kulibe, mpaka Lundazi kapena Chipata."

Anavula chitenje, natsala ndi buluku lake la ntchito, nalowa kunsi. Anathiranso mafuta, nadikira. Kenako anakhomerera pang'onopang'ono kachitsulo kotulutsira mabawuti othyoka, nayamba kupotokola ndi sipanala, kupita patsogolo pang'ono, kubwerera pang'ono. Dzimbiri linkamugwera m'maso. A Oscar anafunsa kawiri ngati angathandize, iye n'kumangopotokola. A Jack anatola zida zawo n'kunyamuka.

Dzuwa litafika pamutu, chidutswa chija chinatuluka. Hazel anatseka bowolo ndi bawuti yofanana nalo kukula, namata waya wodukayo ndi tepi. Injini inalira, mokhosomola koma inalira.

"Itifikitsa," anatero. "Mafuta idya ambiri kuposa kale, mudziwiretu."

A Oscar anatambasula dzanja kuti alandire makiyi. Hazel anawayang'ana, nawaika makiyiwo m'thumba.

Irene anadzuka movutikira, nakakhala kutsogolo. "Bambo a kunyumba," anatero pa windo, "inu tsalani. Chimanga chili padzuwa, nkhuku zingachimalize. Atiyendetse mwini wake ntchito."

Anafika ku Chama masana ndithu, mzere utachepa. Namwino anawakalipira chifukwa chochedwa, koma anamupima Irene, nati mwana wagona bwino.