Manda a M'tchalitchi cha ku Holandi

Chaka cha 1924 abusa a pa mishoni yathu, kufupi ndi Sinda, anatenga amuna anga a Ezara kupita nawo ku Holandi kuti akawathandize kumasulira nyimbo. Ine ndinapita nawo, nditabereka Davide, mwana wathu woyamwa.

Loweruka lina adona, akazi a abusawo, anati tikaone mzinda. Tinaona milatho, ngalawa ndi nyumba zosanjikizana. Kenaka anatilowetsa m'tchalitchi chachikulu, chozizira ngati phanga. Pansi anayalapo miyala ikuluikulu yokhala ndi malemba.

"Alemba chiyani apa?" ndinafunsa a Ezara.

Anawerama n'kuwerenga. "Dzina la munthu, ndi chaka chimene anamwalira."

"Nanga mwini wakeyo ali kuti?"

Adona anamwetulira. "Ali pansi pomwe waimapo, Tryness. Anthu olemekezeka ankawaika muno."

Kwathu khanda silifika kumanda, ndipo mtumbira supondedwa. Ine ndinali nditaponda mitumbira yosawerengeka, mwana ali kumbuyo. Ndinatuluka monyang'ama, ndikulambalala mwala uliwonse wa malemba. Panja ndinapeza mpope. Ndinasamba m'manja ndi kumapazi, n'kumusukusula Davide mpaka analira.

A Ezara ananditsatira. "Amake Davide, mwatichititsa manyazi. Ife ndife Akhristu."

"Akhristu, inde," ndinatero. "Amayi anu tinawaika kumsitu ku Mkaika. Tikabwerera ndikaime pamwamba pawo ndi nsapato, ndikuimba nyimbo zanuzo?"

A Ezara anavula nsapato, n'kuika mapazi pansi pa mpope paja.