Mizere ya a Koleji M'munda Mwanga

Munda wanga uli pamtsetse. Malemu amuna anga anatha zaka zisanu akusanja miyala mopingasa kuti madzi asamakokolole dothi. Msana wawo unathera pamenepo.

Chaka chino akuti koleji ya zaulimi yasintha kaphunzitsidwe, ophunzira azituluka m'kalasi kukagwira ntchito ndi alimi. Mlamu wanga ndiye anandinyengerera kuti ndiwalole m'munda mwanga. "Vomerani alamu, anthu a sukulu awa. Mudzakolola mpaka kusowa poika."

Anabwera khumi ndi awiri ndi aphunzitsi awo, atanyamula zingwe ndi tepi yoyezera. Ndinawauza kuti miyalayo asaikhudze, madzi amatsikira pachulu apo ngati mtsinje.

"Amayi, tayeza," anatero aphunzitsiwo. "Miyalayi ikungodya malo."

Ndinachoka masiku atatu kukadwazika mchemwali wanga. Pobwera ndinapeza miyala yonse yaunjikidwa pambali, mizere yowongoka ngati ya m'kope, koma yoloza kumunsi, atadzalamo kale. Kumunsi! Munda wa kukoleji kwawoko ndi wosalala ngati tebulo, madzi othamanga sanawaonepo.

Mvula yoyamba inatenga mbewu, feteleza, dothi, zonse kukataya kukhwawa.

Lachisanu aphunzitsi aja anabwera ndi pepala. "Amayi, musaine apa kuti ophunzira agwira ntchito ya kumudzi. Mukapanda kusaina salemba mayeso."

"Munda mwauona?"

"Pepani, ifenso taphunzirapo. Tilemba mu lipoti."

"Lipotilo ndiphikira ana anga? Inu mwaphunzirapo, njala ndigone nayo ine?"

Ndinalanda pepalalo, kulipinda, kuliika m'bulauzi.

"Ine sukulu ndinalekezera sitandade faifi, koma dzina langa ndimalemba. Ndilemba mwala womaliza ukabwerera pamalo pake. Ndipo fulumirani, nthawi yodzala yatsala sabata imodzi."

"Amayi, mukudziwa kuti ine ndi dokotala wa zanthaka?"

"Ndiye nthaka yanuyo ili kukhwawa uko, adokotala. Kaitengeni."

Lolemba ophunzira aja anabwera ndi zidebe. Anapala dothi, anasenza miyala, m'manja matuza okhaokha, nsapato zawo zoyera zili bii. Mtsikana wina anandifunsa kuti njira ya madzi ndimaidziwa bwanji. Ndinamukokera pachulu. "Mvula ikamagwa usamathawire m'galimoto. Ima pano unyowe, uone."

Pofika Loweruka anali atabweza theka la miyala. Dothi lambiri linapita basi, kumunsiko kwatsala nsangalabwi. Ndadzalanso kumtunda kokha.

Dzulo adokotala anatuma mlamu wanga kudzapempha pepala. Ndamuuza mlamuyo kuti akalifuna, iyenso akawathandize ophunzirawo kusenza miyala.