Chamwamba cha Pacita

Delfin anali atagwira kale nthambi ya chamwamba pamene mwana wake Minda anakuwa pazenera.

"Bambo, siyani! Mayi tawaika dzana lomweli, inu mukufuna kupulula masamba? Tithothoke tonse mmodzimmodzi?"

Anaitaya nthambiyo. Mwambowu ankaudziwa: panyumba ya maliro sapulula chamwamba. Koma nkhuku inali kale pamoto, ikuwira ndi jinja ndi papaya wamuwisi, ndipo msuzi wa tinola wopanda masamba ndi madzi a nkhuku chabe. Delfin ankafuna mphika umenewu umuikire kumbuyo kuti angathe kudziphikira, chifukwa Minda anali atanenetsa kuti mawa amutenga kupita kumzinda wa Cebu, akakhale m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo.

"Simungakhale nokha muno," anatero Minda bambo ake atalowa. "Ndi mpunga womwe mumapsereza. Muzidya chiyani, zithunzi za Mayi?"

"Ndakalamba, koma sindine khanda."

"Bola khanda limalira likamva njala. Inu mumangoti duu."

Chikwatirire, ntchito ya Delfin m'khitchini muno inali kukhala pampando n'kumauza mkazi wake Pacita kuti mchere wachepa. Mpando unalipo, mchere unalipo, womuuza ndiye panalibe. Anasungulumwa koopsa, mwana wake ali pomwepo.

Anatsegula firiji kuti mwina apezemo chobiriwira. Kuseri kwa nsomba zouma gwa kunali timajumbo tambirimbiri ta chamwamba chopulula kale, kalikonse kokwana mphika wa munthu mmodzi.

Minda ananyamula kamodzi. "Ndiye zimene Mayi ankachita pakhonde paja? Ine n'kumawakalipira kuti akagone!"

"Ankati akuwongola zala," anatero Delfin.

Pacita sankaphwanya mwambo ngakhale umodzi, koma nayenso njala ankadana nayo. Anadziwiratu kuti mwamuna wake adzafuna tinola mtengo uli woletsedwa.

Minda analawa msuzi, napukuta m'maso ndi mkono. "Mchere wachepa. Onjezerani nokha, muzolowere. Ndidzabwera pa Khirisimasi kudzaona ngati mukudya."

Delfin analandira kajumboko, nakonzeka kulimbana ndi mfundo. Mfundo za Pacita zinkafuna mpeni. Pakhomopo aliyense ankadandaula nazo. Koma iyi Delfin anangoikoka pang'ono ndi zala zake zopindika ndi nyamakazi, ndipo inamasuka.